Mayi wapakati akabanika: mafunso okhudza okosijeni ndi makina opumira

M'zipatala zathu muli mawu amene achibale amaopa kumva kuposa ena onse: "Tikuwaika pa makina." Wodwalayo akakhala mayi woyembekezera mantha amawirikiza, poti pabedi limodzilo pagona anthu awiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene magadiyani, amuna a odwala ndi apongozi amafunsana m'khonde la wodi, kawirikawiri monong'ona, osafika nawo kwa adokotala.

Wapakati aliyense amakhala ndi befu. Nanga kubanika koopsa timakuzindikira bwanji?

N'zoona kuti amayi ambiri, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, amachita befu akamakwera chitunda kapena akasenza ndowa. Befu limenelo limatha akapumula. Koma mimba sichititsa munthu kupuma mothamanga, imangomuchititsa kupuma mozama. Munthu wamkulu atakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, ndipo wapakati sapitirira pamenepo kwenikweni. Mayi amene akupuma ka 25 kapena ka 30 pa mphindi ali chikhalire, tisamanene kuti "ndi mimbayi". Ameneyo akudwala.

Zizindikiro zina zimaoneka ndi maso. Sakutha kumaliza chiganizo osaimira pakati. Akukana kugona chagada, akuchezera usiku atakhala tsonga. Milomo ndi lilime zikuda, akubwebweta kapena akusinza modabwitsa, mwina akutsokomola thovu. Kuchipatala amamupana chala ndi kachipangizo koyeza okosijeni m'magazi. Munthu wathanzi kamaonetsa 95 mpaka 100. Kakamaonetsa 90 kutsika m'munsi kwa mayi wapakati, nkhaniyo yasanduka yamwadzidzidzi.

Kulephera kupuma koipitsitsa ndi kumene madokotala amakutcha ARDS. Timatumba ting'onoting'ono ta m'mapapo, momwe mpweya umadutsira kulowa m'magazi, timadzaza madzi n'kufota, mapapo n'kuuma gwa. Munthu amakoka mpweya ndi mphamvu zake zonse koma wofika m'magazi umakhala wochepa. Vutoli analifotokoza koyamba madokotala a ku Denver, ku America, mu 1967.

N'chifukwa chiyani vutoli limakula msanga kwa woyembekezera kusiyana ndi munthu wina?

Thupi la mayi wapakati limadya okosijeni wambiri pomwe nkhokwe yake yachepa. Mwana, nsengwa, chiberekero, ndi mtima umene ukupopa magazi ochuluka, zonsezi zimakweza okosijeni wofunika ndi magawo 20 pa 100 kapena kuposerapo. Nthawi yomweyo chiberekero chimakankhira m'mwamba mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba ndi masentimita pafupifupi 4, ndipo mpweya umene umatsalira m'mapapo munthu akapumira kunja umachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Mpweya wotsalirawo ndi umene umasunga munthu kwa mphindi zingapo kupuma kukasokonekera. Kwa wapakati mphindizo zimafupika kwambiri.

Palinso china chimene chimapusitsa ngakhale achipatala osazolowera. Chifukwa cha kupuma mozama kuja, mpweya woipa wa carbon dioxide umatsika m'magazi a mayi wapakati. Kwa munthu wamba muyeso wake umakhala 35 mpaka 45, koma kwa wapakati umakhala cha m'ma 28 mpaka 32. Thupi limachita dala zimenezi kuti mpweya woipa wa mwana uzitha kutuluka kudzera m'nsengwa kupita kwa mayi. Ndiye mayi wapakati wobanika akapezeka ndi 40, nambala imene kwa wina aliyense n'njabwino, ndiye kuti watopa ndipo watsala pang'ono kugonja.

Mwanayo alibe njira ina yopumira. Okosijeni wake yense amachokera m'magazi a mayi, ndipo ngakhale zinthu zili bwino, amakhala ndi wongokwanira. N'chifukwa chake kwa wodwala wina madokotala amakhutira muyeso ukakhala 90 kapena 92, pomwe kwa wapakati amalimbana kuti usatsike pa 95.

Zimene zimafikitsa mayi pamenepa ndi ziti?

Choyamba ndi chibayo, kaya choyamba ndi mabakiteriya kapena mavairasi. Pa mliri wa chimfine cha H1N1 mu 2009, ku America amayi oyembekezera anali pafupifupi munthu mmodzi pa 100 aliwonse, koma pa omwalira 100 aliwonse iwo anali pafupifupi asanu. COVID-19 inaonetsanso kuti wapakati amafika pofuna makina mosavuta kuposa mnzake wamsinkhu womwewo. Kuno kwathu tiwonjezerepo chifuwa chachikulu, ndi chibayo cha PCP chimene chimagwira amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV, makamaka amene sanayambe kapena asiya ma ARV. Malungo aakulu nawonso amadzaza madzi m'mapapo, ndipo wapakati ndiye amene amamuchita zimenezi kawirikawiri, nthawi zina ngakhale atayamba kale kulandira mankhwala.

Zina zimachokera ku mimba yeniyeniyo. Kuthamanga kwa magazi kwa amayi apakati, kuja kotupitsa nkhope ndi manja n'kufika pokomola, kumatha kutayira madzi m'mapapo, ndipo kumaipiraipira mayi akaikidwa madiripi ambiri mosawerengera. Mafinya a m'chiberekero, mayi atachira kapena atapita padera, akalowa m'magazi amawononga mapapo. Pali magazi oundana amene amachoka m'miyendo n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndi mtima umene umafooka chakumapeto kwa mimba kapena mwana atangobadwa. Palinso amayi amene zitseko za mtima wawo zinawonongeka ali ana ndi matenda a rheumatic fever, oyamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa. Ambiri sadziwa n'komwe mpaka mimba itaulemetsa mtimawo.

Ziwiri ndizitchule padera chifukwa zimapeweka. Masanzi akalowa m'mapapo amawawotcha, ndipo dokotala Curtis Mendelson wa ku New York analemba za zimenezi mu 1946 ataziona mwa amayi ogonekedwa tulo pobereka. N'chifukwa chake mayi wokonzekera opaleshoni amaletsedwa kudya. Chinacho ndi magnesium sulphate, mankhwala amene apulumutsa amayi osawerengeka ku kukomoka, koma akachuluka m'thupi, makamaka impso zikafooka, amagonetsa minofu yopumira. Mzamba akamawerenga kapumidwe, kugogoda bondo ndi kuyeza mkodzo asanabaye jakisoni wina, akulondera zimenezi. Mankhwala ake obwezera ndi calcium gluconate, ndipo ayenera kukhala pafupi m'wodi iliyonse ya amayi.

Ndiye aliyense wobanika amaikidwa pa makina?

Ayi. Ambiri amachira ndi okosijeni wa timapaipi ta m'mphuno, malita 1 mpaka 5 pa mphindi. Zikakanika amavekedwa masiki yokhala ndi kathumba, ya malita 10 mpaka 15. Zipatala zina zili ndi chipangizo chopereka mpweya wofunda, wonyowa, mpaka malita 60 pa mphindi, kapena masiki yothina ya CPAP imene imakankha mpweya mayi ali maso. Makina enieni, amene paipi imalowa pakamwa n'kutsikira m'kholingo, amabwera zonsezi zikalephera, kapena mayi akatopa, akakomoka, kapena akalephera kuteteza khosi lake ku masanzi.

Anthu amati munthu akaikidwa pa okosijeni kapena pa makina ndiye kuti basi. Si zoona kodi?

Mantha amenewa sindimawanyoza, chifukwa anthu akunena zimene anaona. Anaona m'bale wawo akuvekedwa timapaipi madzulo, m'mawa n'kumva kulira. Koma tifunse kuti okosijeniyo anaperekedwa liti. Kumene masilinda ali ochepa, amasungidwira amene wathedweratu. Ndipo chifukwa cha mantha omwewa, achibale amakana okosijeni tsiku loyamba ndi lachiwiri, n'kuvomera tsiku lachitatu munthu atafika kale pakhomo pa imfa. Akamwalira, nkhani imafika kumudzi yakuti wapita ndi okosijeni, ndipo wodwala wotsatira amakananso. Tikutaya amayi motere amene akanakhala moyo.

Okosijeni ndi mpweya womwewu tikupuma tonse. Mumpweya wa panja ulipo magawo 21 pa 100, ndipo chipatala chimangouchulukitsa. Makina nawo sachiza matenda. Ntchito yake ili ngati ya mvukuto wa wosula: kupemerera moto kuti usazime pamene ntchito yeniyeni ikuchitika. Ntchito yeniyeniyo ndi mankhwala opha tizilombo, artesunate wa malungo, mankhwala okodzetsa ochotsa madzi m'mapapo, kutsitsa BP, kuchotsa mafinya. Zimenezi zimafuna masiku, ndipo makina amapereka masikuwo.

Mbiri yake ikuchitira umboni. Mu 1952 poliyo inabuka ku Copenhagen, ku Denmark, ndipo mwa odwala amene minofu yawo yopumira inalumala, oposa 80 pa 100 alionse ankamwalira. Dokotala wogoneka tulo Bjørn Ibsen anaganiza zowaboola pakhosi n'kumawapopera mpweya ndi thumba la labala. Ophunzira udokotala mazanamazana ankasinthana usana ndi usiku kufinya matumbawo ndi manja, ndipo imfa zinatsika ndi theka. Wodi za odwala mwakayakaya, zimene timati ICU, zinabadwira pamenepo.

Sindikunena kuti makina alibe zoopsa. Paipi ikakhalitsa imatha kubweretsa chibayo china, mpweya wokankhidwa mwamphamvu umatha kuboola papo, ndipo si onse oikidwa pa makina amene amadzuka. Koma mayi amene wafika pofunika makina, akapanda kuikidwa, mwayi wake umakhala wochepetsetsa, ndipo mwayi wa mwana umatsatira wa mayi.

Chimasiyana n'chiyani poika mayi wapakati pa makina?

Mphindi yolowetsa paipi ndiyo yoopsa kuposa zonse. Khosi la wapakati limakhala lotupa mkati ndipo silichedwa kutuluka magazi, chakudya cha m'mimba chimabwerera mosavuta, ndipo okosijeni amatsika mwaliwiro monga tanenera. Pa amayi ogonekedwa tulo pobereka, paipi imakanika kulowa mwa mmodzi pa pafupifupi 400 alionse, kangapo kuposa odwala ena. Choncho ntchitoyi imafuna wogoneka tulo wozolowera kwambiri amene alipo, paipi yocheperako, okosijeni wodzadza asanayambe, ndi njira yachiwiri yokonzedwa kale.

Akalowa pa makina, lamulo lalikulu n'lakuti mapapo odwala asafutukulidwe mopyola. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2000, wa odwala 861, anayerekeza mpweya wa mamililita 12 pa kilogalamu ndi wa mamililita 6. Pa opatsidwa wambiri anamwalira pafupifupi 40 pa 100, pa opatsidwa wochepa 31. Makilogalamu ake sawerengedwa pa sikelo, amawerengedwa potengera kutalika kwa munthu, chifukwa mapapo sakula mimba ikamakula. Mayi wamtali masentimita 160 amapatsidwa mamililita 300 ndi pang'ono pa kupuma kulikonse, kaya mimba yake ndi ya miyezi itatu kapena isanu ndi inayi. Makina amasiyanso kamphamvu kena m'mapapo pakutha pa kupuma kulikonse kuti timatumba tija tisafotenso.

Apa pali pokokana. Mpweya wochepa umateteza mapapo koma umakweza carbon dioxide, ndipo kwa odwala ena madokotala amangoilola ikwere. Kwa wapakati salola kuti ikwere kwambiri, poopa kuti ya mwana ingasowe kotulukira. Sayitsitsanso mopyola, chifukwa kutero kumafinya mitsempha yopita ku chiberekero. Amayi oyembekezera sanalowetsedwe m'kafukufuku wamkulu wa makinawa, choncho madokotala amatenga zimene zinapezeka mwa ena n'kuzisintha molingana ndi thupi la wapakati, akuyang'ana magazi a mayi ndi kugunda kwa mtima wa mwana.

Kagonedwe nako ndi mankhwala. Mimba ikapitirira masabata 20, mayi akagona chagada chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima, BP n'kugwa. Amamupendekera kumanzere, mutu wa bedi utakwezedwa.

Tinamva kuti odwala ena amagonekedwa chafufumimba. Ndi mimba zingatheke?

Zimatheka. Kafukufuku wa ku France ndi Spain wa mu 2013 anapeza kuti kugoneka odwala ARDS kwambiri chafufumimba maola 16 pa tsiku kunatsitsa imfa kuchoka pa 33 kufika pa 16 pa 100. Nthawi ya COVID-19 zipatala zambiri zinachita zimenezi kwa amayi apakati, poika mapilo pansi pa chifuwa ndi pa chiuno kuti mimba ilendewere osapsinjika. Pamafunika anthu angapo potembenuza kuti paipi isazuke, koma sipafunika chipangizo chodula.

Mankhwala ogonetsa, X-ray ndi majakisoni onsewa sawononga mwana?

Mankhwala ambiri ogonetsa ndi opha ululu amadutsadi m'nsengwa. Mwana amagona nawo, samasewera kwambiri m'mimba, ndipo akabadwa nthawi imeneyo angafunike kuthandizidwa kupuma kwa kanthawi. N'chifukwa chake amaperekedwa ochepa momwe kungathekere, ndipo a kuwodi ya makanda amadziwitsidwa. X-ray ya pachifuwa imafikitsa kwa mwana cheza chochepetsetsa, kutali kwambiri ndi mlingo wovulaza, ndipo kuikana n'kumusiya dokotala akuchiza mongopapasa. Mankhwala a gulu la penicillin, ceftriaxone, artesunate ndi mankhwala oyambirira a chifuwa chachikulu amaperekedwa kwa apakati. Choopsa kwa mwana kuposa zonsezi ndi mayi wosowa okosijeni, wotentha thupi, wa BP yogwa.

Bwanji osangochotsa mwanayo kuti mayi apume bwino?

Funso ili limavutitsa ngakhale madokotala. Zimaoneka ngati chiberekero chikapepuka mapapo apeza malo, koma zimene zaoneka n'zakuti kupuma kwa mayi kumasintha pang'ono chabe, mwa ena osasintha n'komwe. Opaleshoni payokha ndi katundu wolemera kwa thupi lodwala kale: magazi amatayika, ndipo mwana akangobadwa magazi ambiri a m'chiberekero amabwerera ku mtima nthawi imodzi. Mwananso akakhala wosakwana masiku timamuchotsa pamalo pomwe anali wotetezeka n'kumupatsa nkhondo yakeyake.

Choncho kubereketsa si mankhwala a chibayo. Koma pali nthawi zimene kumafunikadi: vuto likakhala lochokera ku mimba yomweyo, monga kuthamanga kwa magazi koopsa kuja kapena mafinya m'chiberekero, mwana wokhwima akayamba kuonetsa kuti akuvutika, kapena mayi akamaipiraipira zonse zitayesedwa. Zikaoneka kuti mwana angabadwe pakati pa masabata 24 ndi 34, mayi amabayidwa dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana. Ndipo mtima wa mayi wa mimba yaikulu ukaima n'kukana kudzuka, mwana amachotsedwa pomwepo, mkati mwa mphindi zinayi kapena zisanu, osadikira kupita ku fiyeta, chifukwa kutero kumathandiza kudzutsa mayiyo.

Chisankho chotere si cha munthu mmodzi. Amakhalirana dokotala wa amayi, wa ku ICU, wogoneka tulo ndi wa makanda, ndipo banja liyenera kufotokozeredwa m'chilankhulo chimene likumva. Abambo kapena agogo akafunsidwa kusayina, ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Adokotala, tikadikira chichitike n'chiyani, ndipo tikachita lero chichitike n'chiyani?"

Kuno ku Malawi thandizo lotere lilipo?

Lilipo, koma n'lochepa poyerekeza ndi anthu ake. Wodi za ICU za boma zili m'zipatala zazikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo mabedi ake ndi owerengeka. Bedi lomwelo akulifuna wangozi ya pamsewu, wochokera ku opaleshoni ndi mayi wochokera ku wodi ya amayi. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi anamwino ndi ma clinical officer ogoneka tulo, amene dziko lino silinawayamike mokwanira. Makina pawokha ndi chitsulo chabe. Amafuna magetsi osazima, okosijeni wosadukiza, ndi namwino wokhala pambali pa bedi usiku wonse, woyamwa makhololo m'paipi, wotsuka m'kamwa, wotembenuza wodwala.

Mu Januwale 2021, COVID-19 itapha nduna ziwiri tsiku limodzi ndipo boma litalengeza kuti dziko lili pa ngozi, tonse tinaona kuti chosowa choyamba chinali okosijeni weniweniyo. Phunzirolo likhudza amayi mwachindunji. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Ine ndikuona kuti pa nkhani ya kupuma, miyoyo yambiri ingapulumukire pa chipatala cha pa boma ndi pa chipatala chaching'ono kusiyana ndi ku ICU: kachipangizo ka pachala kogwira ntchito m'chipinda chochirira, mzamba wowerenga kapumidwe ka mayi aliyense, konsentireta yopangira okosijeni yokonzedwa bwino ndi silinda yodikirira magetsi akathima, ndi kutumiza wodwala akadali ndi mphamvu. Mayi wopatsidwa okosijeni ndi mankhwala tsiku loyamba kawirikawiri safika n'komwe pofuna makina.

Akachira amabwerera mwakale? Angayamwitse?

Matenda akayamba kugonja, mankhwala ogonetsa amachepetsedwa ndipo mayi amayesedwa kupuma yekha makina akungomuperekeza. Ena amachoka pa makina patatha masiku awiri kapena atatu, ena patatha masabata, ndipo okhalitsawo amaikidwa kapaipi kapakhosi kamene kabowo kake kamatsekeka kokha pambuyo pake. Mawu amasasa kwa masiku angapo. Miyendo imafooka moti ena amaphunziranso kuyenda. Ambiri amakumbukira maloto oopsa a m'masiku amenewo, ndipo mayi wodzuka n'kupeza kuti anabereka ali mtulo, kapena kuti mwana sanakhale moyo, amafunika anthu omumvetsera kwa miyezi, osangomuuza kuti athokoze kuti ali moyo.

Kuyamwitsa kumatheka. Mkaka ungafinyidwe ngakhale mayi akadali kuwodi, kuti usaphwe ndiponso kuti mwana amene ali ku nazale aulandire. Amene mtima wawo unafooka akambirane ndi dokotala asanatenge mimba ina, chifukwa vutolo limatha kubwereranso mokulirapo.

Ife a pakhomo tingachitepo chiyani?

Zambiri zimayambira ku sikelo. Bungwe la WHO kuyambira 2016 limalimbikitsa kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, ndipo m'maulendo amenewo ndi momwe BP yokwera, kuchepa kwa magazi ndi HIV zimapezekera zisanafike m'mapapo. Fansida wa ku sikelo amwedwe, neti igwiritsidwe ntchito, ma ARV asadukizidwe, chifuwa chosatha chikayezedwe makhololo. Wa mphumu asasiye mankhwala ake opopera poopa mwana. Amene anauzidwapo kuti ali ndi vuto la mtima anene ulendo woyamba womwewo, ndipo masiku akayandikira akakhale ku chidikiro cha chipatala chokhala ndi fiyeta.

Kubanika kukayamba, musadikire kuche, musadikire amalume kapena bambo amene ali ku ulendo kuti apereke chilolezo. M'galimoto mayi akhale tsonga kapena agonere kumanzere, asagone chagada. Musamumwetse phala, madzi kapena mankhwala azitsamba ngati akusinza kapena akupuma movutika kwambiri, poopa kuti zingalowe m'mapapo. Tengani buku lake la kusikelo ndi mankhwala onse amene akumwa. Mukafika musaime pamzere. Pitani kwa namwino woyamba amene mwamuona, munene kuti mayiyu ndi woyembekezera ndipo akulephera kupuma, ndipo mupemphe kuti amuyeze pachala.